Mmene mungakonzere ulendo wa pagalimoto woona dziko ndi kulondola mizu ya banja lanu

Mvula ikaleka, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo misewu yafumbi itauma mokwanira kuti ngakhale galimoto yaing'ono ifike kumudzi popanda kutitimira, imeneyo ndiyo nyengo yoyenera kunyamula ana ndi kukawaonetsa kumene makolo awo anachokera. Mwezi wa August ndiwo umandikomera pa ulendo wotere, chifukwa ana asukulu amakhala ali pa tchuthi chachitali, abale okhala ku Britain amakhalanso ali pa tchuthi cha chilimwe cha kumeneko kotero kuti akhoza kubwera, ndipo anthu kumudzi amakhala atamaliza kukolola koma asanayambe kusosa. Chisanu cha June ndi July chimakhala chikutha, pamene kutentha kwa October, kumene kumalefula munthu m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, kumakhala kusanafike.

Ulendowu uli ndi ntchito ziwiri zimene zimalimbirana masiku omwewo. Ana akufuna kusambira m'nyanja ndi kuona njovu, pamene inu mukufuna kudziwa amene anabala agogo anu ndi chimene chinawachotsa kwawo. Zonsezi zimatheka, pokhapokha mutavomereza musananyamuke kuti masiku ochuluka, osathamanga, apita kwa okalamba a kumudzi, ndipo malo okongola alowa m'mipata. Ndondomeko imene ndaiona ikuyenda bwino ndi yoyamba ndi anthu amoyo, kenako mabuku a mpingo, ndipo mapepala a boma a ku Zomba akhale omaliza. Amene amathamangira ku Zomba poyamba amafika kumeneko alibe dzina lenileni la kholo lawo, alibe mudzi weniweni ngakhale chaka choyerekezera, ndipo amabwerako chimanjamanja.

Musanalize galimoto

Gulani kope lachikuto cholimba, ndipo kwa milungu ingapo musananyamuke lembanimo zonse zimene mukuzidziwa kale, mukuimbira foni azakhali, amalume ndi asuweni kuti akuwonjezereni. Kholo lililonse likhale ndi tsamba lake, ndipo pa tsambalo pakhale mayina ake onse, mudzi wake pamodzi ndi nyakwawa, gulupu, T/A ndi boma, mpingo kapena mzikiti umene linkapemphera, ndiponso ntchito kapena maulendo amene linayenda. Pa mzere uliwonse lembani amene wakuuzani, chifukwa tsiku lina anthu awiri adzakuuzani zosiyana ndipo mudzafuna kudziwa amene anaziona ndi maso ndi amene anangozimva.

Nkhani ya mayina ndiyo imasokeretsa anthu ambiri. Munthu mmodzi wa m'badwo wa agogo athu ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, dzina la ku chinamwali kapena ku jando, dzina la ubatizo, dzina limene anadzipatsa polembetsa ntchito ku migodi, ndiponso mfunda umene anthu ankamuitanira pomulemekeza. Amayi ambiri ankadziwika ndi mfunda wokha, monga Naphiri, Nabanda, Nambewe kapena Nangondo, mpaka adzukulu awo kukula osalimvapo dzina lawo lenileni. Chimene lero timachitcha dzina la banja nthawi zambiri chinali dzina loyamba la bambo kapena la malume, limene mphunzitsi analilemba mu kaundula wa sukulu tsiku limene mwana anayamba kalasi yoyamba, ndipo n'chifukwa chake ana a mimba imodzi nthawi zina amapezeka ali ndi mayina a banja osiyana.

Ine ndinataya masiku awiri m'mudzi wina ndikufunsa dzina limene linali pa chitupa chakale cha agogo anga aamuna, ndipo aliyense ankangopukusa mutu. Tsiku lachiwiri madzulo, mayi wina wokalamba amene ankatong'ola chimanga pakhonde anandimva ndikuuza mnyamata wondiperekeza kuti agogowo anaduka chala ku mgodi. Anaika lichero pansi, n'kutchula dzina limene ndinali ndisanalimvepo, kenako anayamba kuwerenga alongo awo a agogowo ndi zala, kuyambira woyamba mpaka chitsirizira. Dzina la pa chitupa lija agogo anangolitola pa ulendo wa ku Joni, ndipo kumudzi silinafike n'komwe. Kuyambira pamenepo ndimalangiza aliyense kuti alembenso zizindikiro za munthuyo, kaya chipsera, kaya luso la kusula makasu, kaya kuimba ng'oma, chifukwa mudzi umakumbukira zimenezi kuposa dzina la papepala.

Chachiwiri chofunika kuchikonza muli pakhomo ndi mbali imene muilondole. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mudzi, munda ndi ufumu zimayenda kuchikazi, ndipo mwamuna ankapita chikamwini kwa mkazi wake. Izi zikutanthauza kuti kumudzi kumene bambo anu anakulira n'kwa amayi awo, ndipo abale a agogo anu aamuna ali kumudzi wina, mwina kutsidya kwa mtsinje, mwina m'boma lina. Mukangotsata dzina la banja lokha mudzazungulira pachabe. Funsani za mbumba, za bere limene inu mukuchokera, ndi za mwini mbumba amene alipo lero. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ambiri, Ankhonde ndi Asena zinthu zimayenda kuchimuna, ndipo kumeneko nkhani ya malowolo, ng'ombe zingati zinapita kwa yani, ndiyo imatsegula mbiri yonse ya banja.

Njira yake

Chitsanzo chimene ndipereke ndi cha banja limene mizu yake ili m'chigawo chapakati, ndipo ulendo wake umafuna masiku 10 kapena 12. Mumayambira ku Lilongwe kutsika ndi msewu wa M1, kukhota pa Kamphata kulowera ku Nkhoma, kubwereranso mu M1 mpaka ku Dedza ndi ku Lizulu, kenako kutsetsereka ndi msewu wokhotakhota wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti, kukaona Mua, kulowera kunyanja ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, kudzera ku Mangochi ndi ku Liwonde mpaka ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo pomaliza kubwerera ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 310. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti ndi yozungulira, kotero kuti midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu mumaidutsa kawiri, popita ndi pobwera.

Za galimoto sindichulutsa. Ipite kwa makaniko sabata imodzi musananyamuke, osati dzulo lake. Tayala lapadera likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalemo, ndipo laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale zosatha masiku, pakuti zipata za apolisi ndi zambiri m'njira yonseyi. Thirani mafuta paliponse pamene mwawapeza thanki ikafika pakati, sungani ndalama zapamanja zolipira pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni, ndipo musayende usiku, chifukwa njinga, ngolo ndi mbuzi sizikhala ndi nyali.

Kumudzi

Tumizani uthenga kukadali sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo pezani wachibale mmodzi wokhala komweko amene adzakhale wokuperekezani. Mukafika musayambe ndi mafunso. Landirani mpando kapena mphasa, lonjeranani, fotokozani za kumene mwachokera, perekani kamphatso kanu, kaya shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira kapena chitenje cha agogo, ndipo idyani chimene akuphikirani ngakhale mutakhala kuti munadya kale panjira. Wokuperekezaniyo akutengereni kwa amfumu tsiku lomwelo, chifukwa mlendo woyendayenda m'mudzi ndi kope m'manja asanaonekere kwa mwini mudzi amadzutsa manong'onong'o.

Pali mawu amodzi amene muyenera kuwanena poyera, pamaso pa amfumu ndi pa mwini mbumba, musanafunse chilichonse: kuti simunabwerere munda, simunabwerere ufumu, ndipo mukungofuna kuti ana adziwe kwawo. Munthu wa m'tauni akafika ndi galimoto n'kuyamba kufunsa kuti woyamba kubadwa anali yani, ndi bere liti lalikulu, ndi ndani analowa dzina la mfumu yakale, anthu amamva ngati akukonza mlandu wa malo, popeza mafunso a mlandu wa malo ndi omwewo. Mukapanda kuchotsa nkhawa imeneyi mudzalandiridwa bwino, mudzadya nkhuku, koma mudzauzidwa zapamwamba zokha.

Okalamba muwapatse tsiku lathunthu, makamaka amayi, pakuti iwo ndiwo anali pa chikuta chilichonse ndi pa maliro alionse, ndipo amadziwa amene anapondana ndi yani. Khalani pansi pafupi nawo, osati pampando wowaposa msinkhu, ndipo pemphani chilolezo musanatsegule foni kuti ijambule mawu. Funso loti "Agogo, munabadwa chaka chanji?" silipindula kwenikweni. Funsani kuti, "Kodi pa njala ya 49 munali msinkhu wanji, munali mutayamba kutunga madzi?" ndipo mudzaona nkhani ikumasuka yokha. Zochitika zimene dziko lonse limazikumbukira ndizo kalendala yanu: nkhondo ya John Chilembwe ya mu January 1915, nthawi ya mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945, Napolo wa ku Zomba wa 1946, njala ya 1949, chitaganya cha 1953 mpaka 1963, kubwera kwa Dr. Kamuzu Banda pa 6 July 1958, zipolowe za pa 3 March 1959, ufulu wa 1964, ndi kusintha kwa ndalama kuchoka pa mapaundi kupita pa kwacha mu 1971. Mayi akanena kuti mwana wake wachiwiri anali kumsana pamene ndalama zinkasintha, mwapeza chaka cha kubadwa kwa mwanayo molondola kuposa chimene chili pa chiphaso chake cha unzika, chimene mwina chinangoyerekezedwa pa kalembera wa 2017.

Musawadule mawu akapatukira ku nkhani ina, ndipo musawatsutse ngakhale mukudziwa kuti asokoneza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri dzina limene munalifuna m'mawa limatuluka madzulo, pakati pa nkhani ya ng'ombe imene inagwidwa ndi fisi. Dziwaninso kuti pali zinthu zimene mudzi sukonda kuzitchula: kholo limene linabwera ngati kapolo kapena chikole, mwana amene bambo ake sanatchulidwe, banja limene linasamuka chifukwa chonamiziridwa ufiti, kapena wachibale amene anamangidwa pa zandale. Wokalamba akangoti zii n'kuyang'ana kumbali, siyani pomwepo. Mwina adzakuitanani payekha mawa lake, ndipo chimene adzakuuzeni pamenepo si choika pa gulu la WhatsApp la banja.

Pemphani kuti akuonetseni bwinja, malo amene mudzi unali kale. Midzi yathu inkasamukasamuka, ina chifukwa cha nthaka yoguga kapena maliro otsatizana, ina chifukwa cha minda ya azungu, ina pomanga likulu la dziko ku Lilongwe, ndipo ina pokhazikitsa malo osungira nyama monga a ku Liwonde mu 1973. Pabwinja pamakhala mitengo ya mango yakalekale, timilu ta dothi pamene panali nyumba, mapale a miphika ndi mwala woperera wokumbika pakati. Apa ndi pamene ana amene ankatopa ndi nkhani za akuluakulu amadzidzimuka, chifukwa akhoza kugwira mwalawo ndi dzanja n'kuuzidwa kuti agogo a agogo awo ankaperapo mawere.

Kumanda musalowe nokha, ngakhale mutawaona ali pafupi ndi msewu. Manda ali m'manja mwa amfumu, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa msitu wa kumanda ndi dambwe la gule wamkulu, kumene munthu wosameta saloledwa kufika. Pemphani, ndipo amfumu akalola adzakupatsani munthu wokutsogolerani ndi kukuuzani amene angalowe ndi amene atsale. Manda akale ambiri alibe chiliza kapena dzina, ndipo amadziwika ndi mtengo kapena mwala umene adzukulu okumba manda amaukumbukira; jambulani pakope pamene pali mtumbirawo poyerekeza ndi mtengo waukulu, ndipo funsani musanatole chithunzi.

Mabuku a mpingo

Lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense m'Malawi ndi la posachedwa, la 2010, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kwa makolo athu ambiri, pepala loyamba limene dzina lawo linalembedwapo ndi kaundula wa ubatizo, wa kalasi ya chikhristu kapena wa ukwati. N'chifukwa chake pa kope lija munalemba mpingo, ndipo muyenera kudziwanso tchalitchi chachikulu chimene chinkayang'anira mudzi wanu pa nthawiyo, chifukwa nyumba ya mapemphero ya pafupi ndi mudzi mwina inakhala mpingo woima paokha posachedwa, pamene mabuku akale anatsala kumene abusa kapena ansembe ankachokera.

Amishoni a Dutch Reformed Church anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 ndipo anafika ku Nkhoma mu 1896, kotero kuti mabanja ambiri a ku Lilongwe, Dowa, Dedza ndi Ntcheu mbiri yawo yolembedwa imayambira m'mipingo ya sinodi imeneyi. Akatolika anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901 ndi Mua mu 1902, ndipo makaundula awo a ubatizo ali ndi ubwino wakuti amatchula makolo a wobatizidwa, mudzi wake ndi womuimira, ngakhale kuti akale kwambiri analembedwa m'Chilatini. Lembani kalata kwa abusa kapena kwa bambo mfumu musanapite, tchulani dzina, mudzi ndi zaka zimene mukuyerekeza, ndipo pitani pakati pa sabata. Ine ndinafikapo pa mpingo wina Lachisanu masana popanda uthenga, n'kupeza kuti mlembi amene amasunga makiyi a kabati wapita ku maliro ndipo abwera Lolemba. Cholakwa chinali changa, ndipo chinandidyera masiku atatu a ulendo. Mabukuwo akakutulutsirani, sambani m'manja, tembenuzani masamba pang'onopang'ono chifukwa ena anadyedwa ndi chiswe, gwiritsani ntchito pensulo m'malo mwa bolopeni, ndipo musaiwale kusiya kangachepe kothandizira ntchito ya mpingo. Kwa mabanja a Chisilamu, kambiranani ndi shehe wamkulu wa m'deralo ndi akuluakulu a pamzikiti, amene amakumbukira yemwe anaphunzitsidwa ndi yani ndi yemwe anamanga mzikiti woyamba.

Powerenga, kumbukirani kuti kalembedwe kanasintha. Amishoni ena ankalemba c pamene ife timalemba ch, ankasinthanitsa l ndi r mmene khutu lawamvera, ndipo ankasiya h m'mayina ngati Phiri ndi Nkhoma. Dzina limodzi muliyese m'njira zitatu kapena zinayi musananene kuti mulibe.

Ku Nkhoma ana akwere phiri m'mawa kusanatenthe pamene inu muli ndi mabuku. Ku Dedza apatseni theka la tsiku kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006; zofiira ndi za Akafula amene Achewa anawapeza kuno, ndipo zoyera ndi za Achewa eni ake, zokhudza chinamwali ndi nyau. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu mukawoloka msewu kukagula mbatata ya kachewere mwaponda ku Mozambique. Mabanja ambiri a kuno ali ndi abale ku Angonia, ndipo mukamva kuti kholo lanu "linachokera ku Chipwitikizi", mwina mudzi wake uli makilomita ochepa kuchokera pamene mwaimika galimoto. Ngati mukufuna kukafika ku Ulongwe, tengani mapasipoti ndi mapepala a galimoto ndipo dzerani pa chipata cha ku Dedza, osati njira zachidule. Amene ndi Angoni a kwa Gomani afunse tsiku la Umhlangano wa ku Nkolimbo, ndipo Achewa amene akhoza kuwonjezera masiku awiri akumbukire kuti Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi kumachitika ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, Loweruka lomaliza la August. Pa misonkhano yotere mumakumana ndi akuluakulu a mfunda wanu ochokera m'maiko atatu.

Ku Mua musapitirire. Malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, ali ndi nyumba ya Chamare yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndipo mukalowamo mutangochokera kumudzi mudzapeza kuti mawu amene agogo anawatchula mongodutsa akufotokozedwa pakhoma. Kenako tsikirani kunyanja mukapume masiku awiri osatsegula kope. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atagonja ndi malungo, ndipo zimenezi zikukumbutseni kugona m'neti komanso, ngati munasambira m'nyanja, kukayezetsa likodzo mukabwerera. Ku Mangochi imani pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho, pamene pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndipo ku Liwonde ana aone njovu ndi mvuu zimene munawalonjeza.

Zomba

Nkhokwe ya zolemba zakale za dziko lino, National Archives of Malawi, ili ku Zomba, mzinda umene unali likulu mpaka 1975, ndipo inayamba mu 1947. Konzani kuti mufike Lolemba kapena Lachiwiri, mukhale ndi masiku awiri, ndipo imbani foni kapena lembani kalata pasadakhale kuti akuuzeni zofunika kubweretsa ndi malipiro ake. Dziwani kuti moto umene unapsereza maofesi akuluakulu a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, choncho za m'mbuyo mwa chaka chimenecho n'zochepa.

Musayembekezere kupeza fayilo yolembedwa dzina la agogo anu pachikuto. Boma la atsamunda linkalemba munthu wakuda ndi dzina ngati anali mfumu, msilikali, wapolisi, kalaliki, mphunzitsi, kapena ngati anali pa mlandu. Ena onse ankangowerengedwa ngati nyumba zokhomera msonkho. Chimene mungapeze mosavuta ndi mbiri ya dera lanu: mabuku amene ma DC ankalembamo mibadwo ya mafumu, mayina a midzi, malire ndi mikangano ya maufumu, malipoti a chaka ndi chaka onena za njala, dzombe ndi anthu opita kunja, ndiponso manyuzipepala akale ndi zolemba zina za mamishoni. Apa ndi pamene ntchito ya kumudzi ija imabweza phindu, chifukwa mukauza wogwira ntchito kumeneko dzina la T/A, dzina la nyakwawa yakale ndi zaka khumi zimene mukuzifuna, adziwa kabati yoyenera kutsegula.

Mayina a maboma nawonso anasintha, ndipo mapepala anasanjidwa ndi mayina akale. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, Machinga inali Kasupe, ndipo Nkhotakota, Thyolo, Mulanje ndi Ntcheu zinkalembedwa Kota Kota, Cholo, Mlanje ndi Ncheu. M'mapepala akale kwambiri dera la Lilongwe ndi Dedza limatchedwa Central Angoniland, ndipo Mzimba ndi Mombera. Chimodzimodzi kunja: kalata yochokera ku Salisbury, Wankie, Fort Jameson kapena Broken Hill inachokera ku Harare, Hwange, Chipata kapena Kabwe.

Pafupifupi banja lililonse lili ndi mtchona wake, munthu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela kapena ku Rhodesia kudzera ku Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito zakunja, n'kusabwerera. Ngati kumudzi anakuonetsani chitupa, kalata kapena envulopu yakale, jambulani mbali zonse ziwiri, chifukwa nambala ya ntchito, dzina la mgodi kapena la famu ndi chidindo cha positi ofesi ndizo zingakutsogolereni kwa ana ake amene lero ali ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ena a iwo akudziwa dzina la T/A wa kwawo koma osadziwa njira yake. Amene wachibale wawo anasowa mu 1974 afunse bwino, pakuti mu April chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Ngati kholo lanu linali msilikali wa King's African Rifles, pitani pa nsanja ya chikumbutso pafupi ndi Cobbe Barracks mukawerenge mayina a amene anafa pa nkhondo yoyamba. Madzulo kwerani phiri la Zomba, mukaone damu la Mulunguzi ndi malo oonera patali amene anatchedwa dzina pokumbukira kubwera kwa Haile Selassie mu 1965, ndipo tengani majuzi.

Ku Blantyre, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Zomba, tsiku limodzi likwanira: tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, nyumba ya Mandala ya 1882 imene m'chipinda chake chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi zithunzi ndi mapu akale, ndiponso nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri. Mabanja a Alomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukhala pa minda ya tiyi pansi pa thangata awonjezere masiku awiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Amene kwawo ndi kumpoto atembenuze ulendo wonsewu, akwere ndi msewu wa kunyanja wa M5 kudzera ku Nkhotakota ndi Bandawe mpaka ku Mzuzu, kenako ndi M1 kulowera ku Livingstonia, kumene mishoni inakhazikika mu 1894, koma ndondomeko ya mudzi, mpingo ndi Zomba ikhale yomweyo.

Usiku uliwonse wa ulendowu, ngakhale mutatopa chotani, khalani ndi kope kwa theka la ola mulembe zimene mwamva tsikulo, ndipo mwana wamkulu apatsidwe ntchito yolemba dzina la munthu ndi malo pa chithunzi chilichonse ndi mawu alionse ojambulidwa, kenako azitumize pa intaneti mukangopeza netiweki. Muli ku Blantyre tsukitsani zithunzi zingapo pa pepala, makamaka za okalamba amene munacheza nawo, ndipo chititsani fotokope masamba amene mwapeza ku mpingo ndi ku Zomba. Pobwerera ndi M1 patukiraninso kumudzi, perekani zithunzizo kwa eni ake, ndipo pamaso pa mwini mbumba werengani mokweza mndandanda wa mayina umene mwalumikiza, pang'onopang'ono, mukuima pa dzina lililonse. Pensulo ikhale m'manja, chifukwa pamene ine ndinawerenga wanga, mayi wa lichero uja anandiimitsa pa dzina lachitatu n'kundiuza kuti amene ndinamulemba ngati mlongo wa agogo anali mkazi wawo woyamba.